Zaka zomwe mafilimu olaula ankaonetsedwa m'maholo a kanema: zinayamba bwanji, ndipo anadyapo ndani?

Aphiri (woyang'anira gulu):
Moni nonse okonda mbiri ya kanema. Mutu wa sabata ino ndi wolemera, ndiye ndiyambe ndi lamulo: pano sitiponya zithunzi, sitiponya malinki, ndipo sitifotokoza zochitika za m'mafilimuwo. Wophwanya izi ndimutulutsa. Chomwe tikufuna kumvetsa ndi ichi. Kuyambira cha m'ma 1969 kufika cha m'ma 1984, mafilimu olaula ku America ankajambulidwa ngati a ku Hollywood, okhala ndi nkhani yake, n'kumaonetsedwa m'maholo a pakati pa tauni, anthu n'kumafola pamzere kugula matikiti dzuwa likuswa mtengo. Manyuzipepala akuluakulu ankalemba za mafilimuwa. Kenako zonse zinazilala. Zinatheka bwanji, nanga zinatha bwanji? A Mbewe, inu mwawerenga zambiri za nthawi imeneyi, tiyambireni.

A Mbewe:
Zikomo Aphiri. Ine ndimati nkhaniyi iyambire pa mipando yopanda anthu. Mu 1948 khoti lalikulu la ku America linalamula makampani akuluakulu a ku Hollywood kuti asiye kukhala eni maholo oonetsera mafilimu awo. Zaka zomwezo wailesi ya kanema inalowa m'nyumba za anthu, ndipo mabanja ambiri anasamuka pakati pa mizinda kukakhala kunja kwa tauni. Pofika m'ma 1960, maholo akale a pakati pa New York, San Francisco ndi Los Angeles anali ndi mipando mazanamazana koma oonera ochepa. Mwini holo anali ndi lendi yoti alipire, magetsi, antchito. Ankasaka chinthu chomwe munthu sangachipeze pa wailesi ya kanema kunyumba kwake.

Zolaula zojambulidwa zinalipo kale, kanema asanayambe n'kulankhula komwe. Koma tinali tizidutswa ta mphindi khumi, topanda mawu, topanda mayina a anthu, toonetsedwa mobisa m'magulu a amuna okhaokha. M'ma 1960 ku Times Square, pakati pa New York, kunadza timakina toponyamo masenti 25, munthu n'kusuzumira yekha. Chatsopano m'nthawi yomwe tikukambayi chinali kuzitulutsa poyera, kuzipatsa ola lathunthu, nyimbo, mayina a osewera ndi chikwangwani chowala panja.

China chinachitika mu November 1968. Hollywood inataya malamulo ake akale a Hays Code n'kubweretsa zilembo G, M, R ndi X zosonyeza msinkhu wa oyenera kuonera filimu, X kukhala ya akuluakulu okha. Zilembo zinazo bungwe la makampani a mafilimu la MPAA linazilembetsa kuti ndi zake, koma X linangoisiya, moti aliyense ankatha kuimata pa filimu yake. Poyamba X sinali ya manyazi ayi: Midnight Cowboy inali ndi X ndipo inapata Oscar ya filimu yopambana zonse mu 1970. A zolaula atayamba kumata X zitatu pa zikwangwani zawo, a ku Hollywood anaithawa, mpaka mu 1990 anachita kupanga chizindikiro china cha NC-17.

Tadala:
Koma madala, apolisi anali kuti? Sizinali zoletsedwa?

Nachisale:
Tadala mwanawe, apolisi analipo ndipo ankamanga anthu ndithu. Vuto linali m'makhoti. Mu 1957, pa mlandu wa Roth, Supreme Court, khoti lalikulu la ku America lija, inagamula kuti zolaula sizitetezedwa ndi ufulu wolankhula. Koma zolaula n'chiyani? Oweruza okhaokha ankalephera kugwirizana. Mu 1964, pa mlandu wa Jacobellis, woweruza Potter Stewart ananena kuti sangathe kuzilongosola bwino koma akaziona amazidziwa. Kenako mu 1966, pa mlandu wa buku lina lakale la ku England, khoti linati kuti chinthu chiletsedwe, boma lionetse kuti mulibiretu phindu lililonse kwa anthu.

Apa ndi pomwe pali chinsinsi cha nkhani yonseyi. Ngati kaphindu kakang'ono kangapulumutse filimu kukhoti, ndiye opanga mafilimu anayamba kuikamo kaphinduko. Oyambirira ankaimika munthu wovala chikhoti choyera ngati dokotala, kumalankhula za maphunziro a m'banja. Dziko la Denmark litachotsa chiletso pa zithunzi zolaula mu 1969, a ku America anapita ku Copenhagen ndi makamera n'kubwerako ndi mafilimu onamizira kuti akufufuza zomwe zikuchitika kumeneko. Pambuyo pake anaona kuti nkhani yopeka, yokhala ndi chiyambi ndi mathero, imagwira ntchito yomweyo. Choncho mukamamva kuti mafilimu a nthawi imeneyo anali ndi nkhani, dziwani kuti mbali ina nkhaniyo inkalembedwera woweruza, osati woonera.

Komanso boma lenilenilo linali logawanika. Komishoni yomwe inakhazikitsidwa m'nthawi ya pulezidenti Lyndon Johnson inatulutsa lipoti mu 1970 lolangiza kuti malamulo oletsa akuluakulu kuona zinthuzi achotsedwe. Pulezidenti womulowa m'malo, Richard Nixon, analikana, ndipo nyumba ya Senate inalikana ndi mavoti 60 kwa 5.

Kondwani:
Achemwali a Nachisale, mwafotokoza bwino, koma sindikuvomereza kuti zonse zinali zopusitsa woweruza. Ena mwa anthuwa ankafunadi kupanga kanema. Gerard Damiano anali wokonza tsitsi ku Queens, New York, koma filimu yake ya 1973, The Devil in Miss Jones, ndi nkhani ya mayi wosungulumwa yemwe wadzipha, ndipo mathero ake ndi omvetsa chisoni kwambiri. Ounika mafilimu a m'manyuzipepala enieni anailemba mwaulemu, ndipo pa ndalama inapikisana ndi mafilimu a ku Hollywood a chaka chimenecho. Radley Metzger ankajambula ku New York, Paris ndi Rome, ndi makamera abwino komanso mawu olembedwa mwaluso. Damiano yemweyo ankanena poyera kuti akuyembekeza kuti tsiku lina mafilimu amenewa ndi a ku Hollywood adzakhala chinthu chimodzi. Sizinachitike, koma chikhulupirirocho chinalipo.

A Mbewe:
Tisanafike kumeneko, tiike kaye tsiku lomwe zinaphulika. Pa 12 June 1972 filimu ya Damiano yotchedwa Deep Throat inayamba kuonetsedwa ku World Theater pa 49th Street ku New York. Inajambulidwa ku Miami m'masiku osakwana sabata, ndi ndalama zosapitirira madola 50,000, ndipo ndi ya ola limodzi basi. Tikiti inali madola 5, yokwera kuposa ya filimu wamba. Meya John Lindsay anali pa kampeni yoyeretsa Times Square, apolisi n'kukalanda filimuyo. Kulandako ndi komwe kunaitchukitsa. Mu January 1973 mtolankhani Ralph Blumenthal analemba mu magazini ya New York Times za anthu otchuka omwe anakaionera, ngati Johnny Carson, Jack Nicholson ndi Truman Capote. Mu March 1973 woweruza Joel Tyler anagamula kuti ndi yolaula, ndipo pambuyo pake analipitsa eni holo madola 100,000. Anthu a m'mizinda ina atamva izi, mizere inangotalikirako.

Dzina lake linalowa mpaka m'ndale. Pa nkhani ya Watergate, yomwe inagwetsa Nixon, atolankhani a ku Washington Post anapatsa dzina lomweli munthu yemwe ankawatsina khutu mobisa, yemwe mu 2005 anadziwika kuti anali Mark Felt wa ku FBI.

Tadala:
Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti anthu olemekezeka, ena ndi akazi awo, kukakhala pagulu kuonera zimenezo. Manyazi analibe?

A Mbewe:
Kumbukira nyengo yake. Mapilitsi akulera anavomerezedwa mu 1960, achinyamata anali pa mkangano ndi makolo awo pa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo chilichonse chomwe boma la Nixon linkadana nacho, ophunzira ambiri ankachiona ngati chizindikiro cha ufulu. Kukaonera kunali ngati kunena kuti ine boma silindisankhira. Koma tisakokomeze. Za maanja ndi anthu otchukazi zinali za mafilimu awiri atatu, kwa zaka ziwiri zitatu. Masiku ena onse, m'maholo amenewa munkakhala amuna okhaokha, aliyense payekha, kusiya mipando pakati.

NaBanda:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhule. Abambo inu mwatchula meya, woweruza, mtolankhani, wojambula, ngakhale wa ku FBI. Mayi yemwe nkhope yake inagulitsa matikiti onsewo simunamutchule. Dzina lake lenileni linali Linda Boreman, ndipo dziko linamudziwa ngati Linda Lovelace. Malipiro ake pa filimu imeneyo anali madola 1,250, ndipo anawatenga ndi mwamuna wake, Chuck Traynor.

Mu 1980 anatulutsa buku lotchedwa Ordeal, momwe anafotokoza kuti Traynor ankamumenya, kumuopseza ndi mfuti, kumugulitsa kwa amuna ena, ndi kumukakamiza kulowa m'mafilimuwa. Ananena kuti anamenyedwa m'chipinda cha motelo ku Miami nthawi yomwe ankajambula, ndipo mikwingwirima ya pa miyendo yake imaoneka mufilimumo. Mu 1986 anakaima pamaso pa komishoni yofufuza zolaula ya Edwin Meese, mkulu wa zamalamulo m'boma la America, n'kunena kuti aliyense woonera filimuyo akuonera iye akugwiriridwa. Anamwalira mu 2002 ku Denver pa ngozi ya galimoto, ali ndi zaka 53, atakhala zaka zambiri m'umphawi ndi matenda.

Ndiye a Kondwani, mukamati luso, ine mtima umandiwawa. Anthu ophunzira a ku New York anafola pamzere n'kumati akukondwerera ufulu, koma palibe anafunsa ngati mayi wa pa chinsalu uja anali mfulu.

Kondwani:
Mayi NaBanda, sindikutsutsa kuti Traynor anali wankhanza. Iye mwini anavomera kuti ankamumenya. Koma kuti tichite chilungamo, ena omwe anagwira naye ntchito anatsutsa zoti anachita kukakamizidwa pa kujambulako, ndipo amayi ena a nthawi imeneyo anakamba nkhani yosiyana ndi yake. Marilyn Chambers, yemwe chithunzi chake atanyamula khanda chinali pa bokosi la sopo wa Ivory Snow, anakambirana yekha ndi abale awiri a Mitchell a ku San Francisco mu 1972, n'kulimbikira kuti alandire malipiro komanso gawo la phindu. Candida Royalle anasiya kusewera n'kutsegula kampani yakeyake mu 1984, kuti mayi ndiye azilamula kamera. Kodi amenewa tiziti nawonso sankadziwa zomwe akuchita?

NaBanda:
Sindinanene kuti onse anakakamizidwa. Ndikunena kuti wogula tikiti analibe njira yodziwira kuti uyu wafuna yekha, uyu waopsezedwa, ndipo sizinkamukhudza. Za omwe anatsutsa Linda, dzifunseni kuti iwo ankadyera kuti. Munthu wamva kukuwa chipinda choyandikana naye usiku, m'mawa n'kudzuka kukayatsa magetsi a kamera, mukuganiza kuti patapita zaka adzavomera mosavuta kuti anamva? Ndiponso Marilyn Chambers mwamutchulayo, mukudziwa anakwatiwa ndi ndani pambuyo pake? Traynor yemweyo.

Nachisale:
Mkangano wanuwu ndi womwewo unagawa amayi omenyera ufulu ku America. Kumapeto kwa m'ma 1970 gulu la Women Against Pornography linkatenga amayi kukawayendetsa m'mashopu ndi m'maholo a ku Times Square kuti adzionere okha, ndipo mu October 1979 linachititsa chionetsero cha anthu zikwizikwi kumeneko. Andrea Dworkin ndi loya Catharine MacKinnon analemba lamulo lopatsa mayi wovulazidwa ndi zolaula mphamvu yosumira opanga ndi ogulitsa. Ku Minneapolis khonsolo inalivomera mu 1983 koma meya analikana. Ku Indianapolis linadutsa mu 1984, khoti la apilo n'kulithetsa mu 1985 ponena kuti likuphwanya ufulu wolankhula. Amayi ena omenyera ufulu anaima mbali yotsutsa lamuloli, poopa kuti boma likapatsidwa mphamvu yoteroyo liyambira kuletsa mabuku a amayi omwewo. Ine monga wodziwako za malamulo ndimaona kuti khoti silinalakwe pa zolembedwa, komabe Linda anafa wopanda khomo lililonse lokadandaulako.

Gogo Mwale:
Ana inu, ndalama zonse zinapita kuti? Ngati mayiyo sanalandire, analandira ndani?

A Mbewe:
Gogo, funso lanu ndiye mutu wa nkhani. Ndalama zojambulira Deep Throat zinachokera kwa Louis Peraino, mwana wa Anthony Peraino wa m'banja la Mafia la Colombo ku New York. Damiano anali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu, koma filimu itayamba kulowetsa ndalama anamuchotsamo ndi madola 25,000 okha, ndipo iye sanalimbane nawo chifukwa ankadziwa kuti akuchita ndi ndani.

Kagulitsidwe kake kanali ka pamanja. Popeza kutumiza zolaula kudutsa malire a zigawo za dzikolo kunali mlandu, makope a filimu ankanyamulidwa pa galimoto ndi anyamata a Peraino. Mnyamata wina ankaima pakhomo la holo kuwerenga mitu ya olowa, madzulo n'kutenga gawo la mabwana ake m'chikwama, ndalama zenizeni, popanda banki. Mwini holo woonetsa kope lakuba ankachezeredwa. N'chifukwa chake palibe amene angakuuzeni ndalama zenizeni zomwe filimuyi inapanga. Mumva ena akuti madola 600 miliyoni, koma owerengera bwino anaonetsa kuti nambala imeneyo siingatheke poyerekeza ndi mtengo wa tikiti ndi kuchuluka kwa maholo, ndipo pali chikayiko choti maholo ena ankagwiritsidwa ntchito kuyeretsera ndalama za umbanda wina.

Ndi phindu lomwelo Louis Peraino anatsegula kampani ya Bryanston yogulitsa mafilimu wamba. Ndiyo inafalitsa The Texas Chain Saw Massacre mu 1974, ndipo achinyamata a ku Texas omwe anaipanga anachita kupita kukhoti kusaka ndalama zawo.

Kondwani:
Ndipo woyamba kulangidwa sanali wa Mafia yekha. Harry Reems, mwamuna yemwe anasewera mufilimu ija, analandira madola osafika 300. Boma linamuzenga mlandu pamodzi ndi a Peraino, osati ku New York komwe ankakhala, koma ku Memphis, Tennessee. Mu 1976 anapezeka wolakwa. Ku Hollywood anachita mantha, poona kuti ngati wosewera angamangidwe chifukwa cha filimu yoonetsedwa kumzinda komwe sanapondeko, mawa ndi iwo. Jack Nicholson ndi Warren Beatty anathandiza kusonkha ndalama za maloya, loya Alan Dershowitz analowererapo, ndipo mu 1977 chigamulocho chinathetsedwa. Reems anamira m'mowa kwa zaka zambiri, kenako anasiya, analowa tchalitchi n'kumagulitsa nyumba ku Utah mpaka kumwalira kwake mu 2013.

Tadala:
Aunt Nachisale, chifukwa chiyani Memphis?

Nachisale:
Chifukwa cha mlandu wa Miller v. California, wogamulidwa pa 21 June 1973 ndi mavoti 5 kwa 4. Nixon anali atasankha oweruza anayi atsopano. Khoti linasintha muyeso uja wa 1966. Tsopano filimu inayenera kukhala ndi phindu lenileni pa luso, zolemba, ndale kapena sayansi, osati kaphindu kongonamizira, ndipo choyezera chinali maganizo a anthu a m'dera lomwe mlandu ukuzengedwa. Ndiye wozenga mlandu wanzeru ankangosankha dera la anthu opemphera kwambiri komwe filimuyo inadutsako. Reems anapulumuka chifukwa filimuyo inajambulidwa mu 1972, muyeso watsopanowu usanabwere.

Chigamulo cha Miller ndicho chinapha maloto a Damiano omwe a Kondwani anatchula. Kampani yaikulu siingaike mamiliyoni mu filimu yomwe ndi yololedwa ku San Francisco koma yomangitsa ku Tennessee. Ma khonsolo nawo anapeza chida china: mu 1976 Supreme Court inalola mzinda wa Detroit kulamula kuti maholo oterewa asamayandikane komanso atalikirane ndi nyumba za anthu. Simukuletsa filimu, mukungouza mwini holo komwe angaime.

Chikondi wa ku Joni:
Ndikuwerenga zaka zomwe mukutchulazi ndikuona kuti kwathu zinthu zinkayenda chobwerera. Mu 1968, chaka chomwe America inabweretsa X, ku Malawi kunakhazikitsidwa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo a Censorship Board ankadula ngakhale kupsompsonana m'mafilimu wamba. Mu 1973, chaka cha Miller, kwathu kunabwera lamulo la kavalidwe la Decency in Dress Act. Choncho nyengo ya maholoyi ife sitinaione n'komwe. Kuno ku South Africa nako boma la tsankho linkaletsa zolimba, moti azungu a ndalama ankayendetsa galimoto kupita ku mahotela a juga a ku Swaziland ndi Lesotho, kenako ku Sun City itatsegulidwa mu 1979, kukaonera zomwe kwawo zinali zoletsedwa. Ife zinatipeza mochedwa, kudzera m'matepi ndi mavidiyo sho a m'makwalala, komwe pakhomo palibe wofunsa zaka za mwana.

Gogo Mwale:
Zoona zimenezo mwanangu. Kanema wa nthawi imeneyo unkangoona chithunzi chalumpha, n'kudziwa kuti lumo ladutsapo.

Aphiri (woyang'anira gulu):
Tabwererani kunja pang'ono. Kodi ndi America yokha? A Mbewe, munanditchulirapo za France ndi Japan.

A Mbewe:
Ku France zinachitika mwachangu n'kuthanso mwachangu. Valéry Giscard d'Estaing atakhala pulezidenti mu 1974 anafewetsa zoletsa, ndipo chaka chomwecho Emmanuelle, yomwe inali yosaonetsa zonse, inayamba ulendo wake wa zaka zoposa khumi mu holo imodzi pa msewu wa Champs-Élysées ku Paris. Mu 1975 mafilimu oonetsa zonse anasefukira m'maholo wamba. Boma silinawaletse. Pa 30 December 1975 linakhazikitsa lamulo la X: msonkho wokwera pa tikiti, msonkho wina pa phindu, kuchotsedwa pa thandizo lomwe boma limapereka kwa opanga mafilimu, ndi kuonetsedwa m'maholo apadera okha. Linawapha ndi msonkho. Holo yomaliza ya mtunduwu ku Paris, Le Beverley, inatseka mu 2019.

Ku Japan ndiye kosiyana kwambiri, ndipo a Kondwani akondwera nako. Nikkatsu, kampani yakale kwambiri pa makampani akuluakulu a kanema m'dzikolo, inali pafupi kugwa, ndipo mu November 1971 inatembenukira ku mafilimu omwe inawatcha Roman Porno. Inapanga oposa 1,000 kufika mu 1988. Lamulo la ku Japan silinkalola kuonetsa maliseche, ndiye zambiri zinkabisidwa. Kampani inkangofuna kuti zachikondizo zizibwera pafupifupi mphindi khumi zilizonse komanso filimu ikhale ya ola limodzi ndi mphindi zochepa. Kupatula apo wotsogolera anali ndi ufulu wokamba nkhani iliyonse. Achinyamata ambiri anaphunzirira ntchito m'mafilimu a mtundu umenewu. Yojiro Takita anayambira m'makampani ang'onoang'ono opanga oterewa, ndipo mu 2009 analandira Oscar ndi filimu yake Departures, yokamba za munthu wosambitsa ndi kukonza maliro.

Kondwani:
Mwaona mayi NaBanda? Pomwe pali kampani yodziwika, malipiro olembedwa ndi anthu odziwa ntchito, zinthu zimayenda mosiyana ndi pomwe pali Mafia. Ku America kuletsa mwatheka kuja ndiko kunapereka bizinesi kwa zigawenga, chifukwa munthu wabwinobwino sakanaika ndalama zake pa chinthu chomangitsa.

NaBanda:
Pa za Mafia ndikugwirizana nanu. Koma taonani yemwe mwamutchula kuti anakwera mpaka Oscar: mwamuna wa kuseri kwa kamera. Amayi a kutsogolo kwa kamera ndi angati anawoloka? Marilyn Chambers anasewera mu filimu yoopsa ya David Cronenberg mu 1977, koma Hollywood sinamutsegulire khomo, anabwerera komwe anachokera. Wojambula amatha kusintha dzina pa chikwangwani n'kupitiriza moyo. Nkhope siisinthika. Mayi amapita kukafuna ntchito ina, kukasiya mwana kusukulu, ndipo wina amamuzindikira.

Tadala:
Nanga chinathetsa zonsezi n'chiyani kwenikweni, makhoti kapena amayi ochita zionetsero?

A Mbewe:
Onsewo anafooketsa, koma chomaliza chinali makina a vidiyo. Sony inatulutsa Betamax mu 1975, JVC inatulutsa VHS mu 1976, ndipo inafika ku America mu 1977. Kumbukira kuti mu 1969, pa mlandu wa Stanley v. Georgia, khoti linali litanena kale kuti zomwe munthu akuonera m'nyumba mwake boma zisalikhudze. Ndiye bambo yemwe ankazemba kulowa mu holo ya pa 42nd Street ku New York, kuopa kukumana ndi mnzake wa kuntchito, tsopano ankabwereka tepi n'kukatseka chitseko kwawo.

Izi zinasintha ndi kapangidwe komwe. Filimu ya 35mm inkafuna makamera olemera, anthu ambiri, labu yotsukira ndi makope odula. Kamera ya vidiyo inkalola kumaliza ntchito tsiku limodzi kapena awiri pa mtengo wochepa zedi. Komanso munthu wa kunyumba ali ndi batani lothamangitsira tepi, ndiye nkhani ija, yomwe mu holo ankayenera kuipirira, anayamba kuilumpha. Opanga ataona choncho anasiya kulipira olemba nkhani ndi oimba. Pofika pakati pa m'ma 1980 maholo anali kutsekedwa motsatizana. Pussycat, kampani yomwe inali ndi maholo makumi angapo ku California, inatha pang'onopang'ono. Edzi nayo inalowa pakati pa osewera, ndipo John Holmes, wotchuka kwambiri pa amuna a nthawiyo, anamwalira nayo mu 1988. Ku New York malamulo a malo a mu 1995, m'nthawi ya meya Rudolph Giuliani, anasesa zotsala, ndipo mu 1997 Disney inatsegulanso New Amsterdam Theatre pa 42nd Street pomwepo.

Gogo Mwale:
Ndiye kuti holo zitatsekedwa, zinthuzo sizinachepe, zinachuluka?

A Mbewe:
Zinachuluka kwambiri Gogo. Mafilimu a m'maholo ankatuluka ochepa pa chaka chifukwa cha mtengo wake. Matepi anayamba kutuluka zikwizikwi, intaneti isanabwere n'komwe.

Kondwani:
N'chifukwa chake ine ndimati nyengo ya maholo iphunziridwe payokha. Holo inali ndi khomo, wogulitsa tikiti woona nkhope ya wolowa, dzina la mwini wake lodziwika ku khonsolo. Lero kuli anthu omwe akusunga mbiriyi mosamala. Kampani ya Vinegar Syndrome ku Connecticut imafufuza makope akale n'kuwakonza, ndipo a tsamba la pa intaneti la The Rialto Report akhala akucheza ndi okalamba omwe anagwira ntchitoyi kuti akambe okha za moyo wawo asanamwalire.

NaBanda:
Zocheza ndi okalambazo ndingamvetsere, chifukwa pamenepo munthu akulankhula yekha ndi pakamwa pake. Zokonzanso makope n'kumagulitsa, ndikufuna ndidziwe kaye ngati amayi omwe alimowo, kapena ana awo, anafunsidwa. Aunt Nachisale, lamulo limati chiyani pamenepa?

Nachisale:
Ku America mwini filimu ndi yemwe ali ndi umwini wa kope, kawirikawiri kampani yomwe inalipira kapena yomwe inagula kwa iyo. Osewera ambiri a nthawi imeneyo ankalipidwa pa tsiku, kamodzi kokha, n'kusaina kapepala kopereka chilolezo chonse, moti wogulitsa lero sakakamizidwa kuwafunsa kapena kuwagawira kanthu. Makontrakiti a mabungwe a osewera a ku Hollywood, omwe amapereka kandalama filimu ikagulitsidwanso, sankagwira ntchito kumeneku. Ngakhale funso loti kulipira munthu kuti asewere mufilimu yotere ndi mlandu wa uhule kapena ayi linayankhidwa mochedwa, mu 1988, pomwe khoti lalikulu la California linamasula Harold Freeman. Chigamulo chimenecho ndicho chinapangitsa kuti makampani akhazikike poyera ku San Fernando Valley, ku Los Angeles, koma pa za gawo la osewera sichinanenepo kanthu.